Mapiritsi a Bana Chilufya Adutsa Mpanda

Ku Kabwata, mu Lusaka, kunalibe chinthu chimene Bana Chilufya, ndiye kuti mayi ake a Chilufya, anachisiya ndi dzina lake. Makina awo osokera, amene anabwera nawo kuchokera ku Mansa dziko lisanalandire ufulu, ankawatcha Mkazi Mnzanga, ati chifukwa amalongolola tsiku lonse koma ana amadya. Basi yopita ku tauni inali Mawa. Mzere wa ufa ku shopu ya boma unali Tchalitchi, poti anthu amaima mwaulemu kudikira chimene sanachione. Amuna awo atamwalira, madiresi amene ankasoka ndi nsalu za ku msika wa Kamwala ndiwo anaphunzitsa ana awo onse.

Ndinawadziwa mu 1986, nditangobwera kuchokera ku Mangalande kumene ndinakulira. Lusaka inkandithina ngati nsapato yobwereka. Ndinapeza ntchito yomasulira pachipatala china pomwe Dokotala Kapembwa ankayesa mapiritsi atsopano a khansa ya m'mawere. Mankhwala akale anali atasowa limodzi ndi sopo ndi shuga, moti wolowa m'kafukufukuyo ndiye anali ndi chiyembekezo. Lamulo lalikulu linali lakuti wodwala amwe mapiritsi ake onse, yekha. Wophwanya ankachotsedwa.

Bana Chilufya anali mmodzi wa odwalawo. Ndinawamasulira lamulolo m'Chinyanja changa cha m'mabuku, iwo n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Ba Emmy ba ku Bulaya, mukamba monga Baibo! Aka kali mu bele ni ba Loja, bankhala mahala mu nyumba yanga osalipila lenti. Aya mapilisi yanu ni ma Vijilante."

Ankanena anyamata achipani osunga mizere, amene akatukula chikoti amakwapula wakuba ndi wosalakwa yemwe. Mapiritsiwo analidi otero: ankawasanzitsa, ankawathothola tsitsi, koma chotupa chinayamba kuphwa.

Masana ena anandituma kukawaona kunyumba. Makina anali zii. Mayi wina wochapa pampopi anandilozera khomo loyandikana nalo, la ba Judith, akazi a ba Amock, kalaliki wa ku unduna wina. Nditalowa ndinapeza ba Judith ali gone, thupi likutentha ngati mbaula, m'kamwa muli zilonda, nkhama zikutuluka magazi. Papilo panali tsitsi. Bana Chilufya ankawapukuta nkhope. Pampando panali sosala, ndipo m'sosalamo munali theka la piritsi lachikasu, pambali pake lezala limene Bana Chilufya ankadulira ulusi.

"Ba mayo, mwawapatsa chiyani?" ndinafunsa Bana Chilufya.

Sanabise. "Ba Judith nabeve bali na ka loja mu khwapa. Ku kiliniki banabapasa chabe asipilini. Manje ine nizimeza neka, munzanga alila kuseli kwa mpanda?"

Mumzere wa nyumba zimenezo ndi mmene ankakhalira zaka zakusowazo. Wopeza saladi, mafuta ophikira aja, ankathirira anzake m'timakapu, wopeza sopo ankadula ndi ulusi. Masiku amene Bana Chilufya ankalephera kuima, ba Judith ndiwo ankawaimira pamzere wa ufa. Kumana mnzako mankhwala ogwira ntchito kukanakhala ufiti. Koma ine ndinakulira kumene anthu oyandikana khomo sadziwana mayina.

"Mapiritsi awa apha magazi awo," ndinatero. "Akagona pano lero, mawa kuli maliro."

"Tiyeni nabo. Tizakamba ati ni maleliya," anatero Bana Chilufya.

"Akawapatsa a malungo, afa ndithu. Adokotala ayenera kudziwa chimene amwa."

"Bakaziba, banichosa."

"Inde, ba mayo. Akuchotsani."

Ba Amock anali ataima pakhomo, chipewa m'manja, akuchipotokola.

"Bana Chilufya," anatero motsitsa mawu, "imwe munachita chabe chifundo. Tisakambe. Mulungu azaona. Muli na bazukulu."

"Nanga aba balibe bana?"

"Napapata, chonde, ganizani bwino. Kulibe mankhwala yenangu mu Zambia yonse."

Bana Chilufya anayang'ana dzanja la ba Judith lomwe linali litawagwira chitenje. Ine ndinkadziwa kuti akakana, ndidzanena ndine, ndipo sadzandiyang'ananso. Kenako anaimirira, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kulowa kwawo. Anatuluka ndi botolo la mapiritsi.

"Ba Amock, lekani kupotola chisote monga nkhuku ya alendo. Kaitaneni ba Edmond babwelese vaneti."

Msewu wonse, kumbuyo kwa kagalimotoko, Bana Chilufya anawagoneka ba Judith pamiyendo pawo, akuwatchinga dzuwa ndi nsalu. Pachipatala sanadikire kuti ndimasulire. Anaika botolo patebulo la Dokotala Kapembwa n'kunena okha zonse, kuyambira tsiku limene anadula piritsi loyamba. Adokotala anathamanga kaye, kuitanitsa magazi, kulamula masisita. Atabwerako anakhala pansi ngati munthu wotula katundu.

"Mwachita bwino kukamba, ba mayo. Mukanabisa, sitikanadziwa chochita. Koma eni mankhwala ali kunja, ndipo ndiyenera kuwauza zoona. Ndikanama, amayi ena adzalandira muyezo wolakwika chifukwa cha ine."

Ine ndinapsa mtima. Ndinayamba kuwakalipira m'Chingerezi, kunena za malamulo olembedwa ndi anthu amene sanaimepo pamzere wa ufa. Bana Chilufya anandikoka mkono.

"Iwe mwana, leka kukuwa monga wailesi ya mu bala. Lamulo unaniuza ndiwe, nanimvela. Funsa chabe ngati ba Judith bazauka."

"Tiyesetsa," anayankha adokotala. "Mwafika nawo nthawi ilipo."

Botolo linatsala patebulo.

Ba Judith anatuluka m'chipatala mvula itayamba, ataonda koma akuyenda okha. Chotupa chawo chinapezeka kuti sichinali khansa n'komwe. Cha Bana Chilufya chinabwerera mwakale, n'kupitirira. Anasokabe mpaka manja atakana, ndipo anamwalira chaka chotsatira, mango asanapse. Miyezi yonse yomalizayo ba Judith ankalowa m'mawa uliwonse ndi beseni la madzi ofunda, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, mpaka tsiku limene anawatseka maso.