Thobwa la Apongozi

Zinayamba ndi kachilonda ka khasu pamwendo. Sabata isanathe, amuna anga anali m'wodi ku Chipata, thupi lili moto, mimba itatupa, akusanza zobiriwira.

Dokotala, kamtsikana kamsinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, anandiitanira pakhonde. Anati ndi sepisisi, tizilombo talowa m'magazi. Thupi polimbana nato limapanga mpweya wotchedwa naitiriki okusaidi. Ukakhala wochepa ngwothandiza, koma mwa iwo unachuluka: unafutukula mitsempha, magazi anafooka, ndipo kakhungu ka m'kati mwa matumbo kanayamba kuchucha ngati thumba lakutha. Tizilombo ta m'matumbo tinkatulukira m'mipatamo kupita m'magazi. Matumbo enieniwo anali ataima.

"Mayi, pakamwa pasalowe kanthu, ngakhale madzi. Dripi ndiyo igwire ntchito."

Ndinamva. Koma apongozi anga akanamva? Tsiku ndi tsiku ankafika kuchokera ku Madzimoyo, chigubu cha thobwa atachikulunga m'chitenje. Kwathu wodikirira wodwala amamuyesa ndi chiwiya. Chikabwerera chodzaza, ndiye kuti ndiwe wouma mtima, kapena pali chimene ukudziwa.

Ndinayesa kufotokoza za matumbo aja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu ndi sukulu zanuzi! Munthu angachire ndi madzi a m'botolo? Mufuna mwana wanga afe ndi njala?"

Mtima unandiwawa, ndinafuna kulalata, koma apongozi sitiwayankha. Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri.

Nthawi yoona odwala ikatha, ndinkapita kuseri kwa wodi, koyanika zovala. Kutaya ndinkalephera, chifukwa mayi wokalamba anachita kusinja yekha chimeracho. Ndiye ndinkamwa ndekha, chiimire, misozi ili chuchuchu. Ine thobwa sindilikonda n'komwe. M'mawa mwake ndinkabweza chigubu chotsuka, iwo nkhope n'kuwala.

Amuna anga ankalimva fungo ndikawerama kuti ndiwapukute.

"Amake mwana, thobwa la amayi limenelo. Kadontho chabe."

Milomo inali itang'ambika. Ndinkanyowetsa thonje n'kuwapaka. Ankaliyamwa thonjelo ngati khanda, ine n'kulikoka msanga. Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Sanandipemphenso. Ndinakwiyira dokotala, ndinakwiyira apongozi, ngakhale odwalawo ndinawakwiyira, nanga munthu wamkulu kubisa chilonda mpaka chinunkhe?

Mankhwala anasintha kangapo, koma magazi sanadzuke. Anatisiya masana, ine nditagwira thonje.

Ku Madzimoyo, m'nyumba ya maliro, azimayi ataleka nyimbo kuti apume, apongozi anandigwira dzanja n'kuliika pachifuwa pawo.

"Mundimvere nonse," anatero. "Uyu ndi mwana wanga. Chigubu chinkabwera chouma tsiku lililonse. Chinthu chimodzi chokha chikunditonthoza, mwana wanga sanapite ndi ludzu."

Azimayi onse anavomera. Ine ndinangowerama, dzanja langa lili m'manja mwawo.