Vinyo wa apongozi anga

K21,000 ndinaitaya pa botolo limodzi la vinyo, ndipo mpaka lero palibe anandipepesa.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi ku Kambombo. Apongozi anga aamuna, omwe poyamba anakana kuti ndikwatire mwana wawo, analemba kalata kuti akubwera kudzaona mdzukulu. Anagwira ntchito zaka zambiri m'hotela ku Ndola, ndiye vinyo amamudziwa. Komanso ali ndi shuga. Mkazi wanga anati, "Mugule woyera, wosatsekemera, wowawasa pang'ono. Musalakwitse."

Loweruka ndinapalasa njinga mpaka pa boma. Pasitolo ina yogulitsa mowa wa m'mabotolo ndinafika 9 koloko. Anatsegula 10:40. Mayi wogulitsayo sanandiyankhe moni.

Pashelefu panali mabotolo atatu a vinyo woyera: la K6,500, la K12,000 ndi la K21,000. Ndinafunsa kuti wosatsekemera ndi uti. Akuti vinyo ndi vinyo. Ndinapempha kuti ndigwire botolo ndiwerenge ndekha. Akuti ndiwerengere pomwe ndaimapo, anthu amaswa. Ndiwerenge bwanji? Maso anga ndi a mphamba? Mapepala ake omwe anali atafwifwa ndi dzuwa la pawindo.

"Nanga wa K12,000 uyu ali bwanji?"

"Ngati simufuna manyazi tengani wodula. Ndiye amamwa mabwana. Alibe shuga olo pang'ono."

Ndinatopa. Ndinalipira.

Lamlungu, tsiku lofika apongozi, botolo linakhala m'mtsuko wa madzi kuyambira m'mawa kuti lizizire. Titadya, apongozi anathira m'tambula. Vinyo woyera uja anatuluka wofiirira ngati tiyi. Ananunkhiza, analawa, anaika pansi.

"Aphunzitsi, uyu ndi wotsekemera, ndiponso anapsa ndi dzuwa kalekale. Madzi akumwa alipo?"

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Mkazi wanga anangonyamula mwana n'kutuluka.

Loweruka linalo ndinapalasanso, botolo m'chikwama. Mayi uja akuti lotsegula sabweza. Ndinafunsa za eni sitolo. Akuti ali ku Lundazi, tsiku lobwera silidziwika. Kenako anati, "Manje inu a ku Kambombo, vinyo munayamba liti kumudziwa?"

Ndinangotuluka. Mphamvu zinali zitathera panjinga.

Eni sitolo, mumagulitsa chiyani ngati wantchito wanu sadziwa zili m'botolo? Anzanga, kudula si kukoma. Botolo ligwireni m'manja, muliyang'anitse powala. Likakhala lofiirira, lisiyeni. Akakana kuti muligwire, tulukani. Ine apongozi ndinawaperekeza atamwa madzi okha.