Thumba Limodzi, Makomo Anayi

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kuifunsira. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkangothandiza bambo kusoka fodya m'chigafa kwathu kwa Wimbe. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, a Mwale, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya m'mudzi mwathu, anandiimitsa. "Sitandade 5 ilibe wa masamu. Ubwere mawa, komiti yalola kuti tikuyese temu imodzi."

Anandipatsa choko, dasitala, buku la mphunzitsi lothothoka chikuto, ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo. Kuphatikiza ndi kuchotsera tinayenda bwino. Pa mafulakishoni m'pamene zinandivuta. Ndinkalemba malamulo pabolodi, ana n'kumabwereza mokweza, ine n'kumati amva.

Tsiku lina, nyengo ya makuponi, a Mwale analowa ndi fomu yoyesera aphunzitsi, n'kukhala kumbuyo. Ndinalemba 1/2 ndi 1/4, n'kufunsa kuti yaikulu ndi iti. Kalasi yonse inati 1/4, poti folo amaposa thu. Ndinafotokozanso, yankho lomwelo. Nditati 2/4 ndi 1/2 n'zofanana, anangondiyang'ana kukamwa yasaa. Choko chinathyokera m'manja mwanga.

A Mwale anaimirira. Mumtima ndinati basi, yatha ntchito. Koma iwo anatembenukira kwa ana.

"Thumba la feteleza wa kuponi kwanu mwagawana makomo angati?"

Mtsikana wina, Esinta, anati awiri. Mnzake anati kwawo anayi.

"Wasenza wambiri ndani?"

"A kwa Esinta!"

"Bwanji, poti anayi amaposa awiri?"

Esinta anaseka. "Ogawana akachuluka, gawo limachepa."

A Mwale anatola choko chija n'kundipatsa. "Pitirizani, aphunzitsi." Ndinang'amba pepala m'kope, n'kulitcha thumba. Ndinalipinda pawiri, n'kudetsa mbali imodzi ndi pensulo, kenako n'kulipindanso. Ana anawerenga okha: magawo awiri mwa anayi, koma podetsedwa pomwe paja, osakula, osachepa. Anayamba kulimbirana kupinda awo.

Mu ofesi a Mwale sanandikalipire. Anangoti, "Anawa akhala akugawana zinthu chibadwire. Uziyambira pa zimene akudziwa kale."

Anandisunga chaka chonse, ndipo ndi iwo anandikakamiza kufunsira malo kukoleji ya aphunzitsi. Akanatha kundichititsa manyazi tsiku lija, koma anandiphunzitsa pamodzi ndi ana, anawo osazindikira. Mpaka lero sindilemba fulakishoni pabolodi ndisanafunse kalasi chimene agawana kwawo sabata imeneyo.