Yankho la agogo linali m'Chingoni

Ndikukumbukira fungo la ndowe yonyowa m'khola la agogo aamuna ku Engutwini, m'boma la Mzimba. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwana wokulira ku Kasungu, Chitumbuka changa chongokwanira kupempha mchere. Agogowo anali Mngoni weniweni, koma Chingoni ankachilankhula kwa ng'ombe zawo zokha, poti anzawo ochidziwa anali atatha kumwalira.

Tsiku lina ndinaiwala kutseka khola pothamangira fulaye. Ng'ombe zinatuluka, agogo n'kukazisaka kudambo mvula ikuwakhuthukira. Patatha masiku atatu anagonekedwa m'chipatala cha ku Embangweni ndi chibayo. Palibe anandikalipira, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Mayi atanditenga kukawaona, ndinawamwetsa madzi m'kapu yachitsulo. Kenako ndinawanong'oneza, "Agogo, khola lija sindinatseke ndine. Mwandikhululukira?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Yebo," anatero, n'kutsinzina.

Ine ndinangoti ndi "yewo" wopindika, poti m'kamwa mwawo munali mutatsala mano awiri okha. Maliro atatha ndinabwereka kwa aphunzitsi kabuku komasulira mawu a Chitumbuka. Kanati: yewo, zikomo. Basi. Ndiye kuti agogo anangothokoza madzi aja, funso langa n'kulilumpha. Ndinakula nacho chinthu chimenechi mumtima, osauza ngakhale mayi. Mpaka lero ndikatseka chitseko ndimabwerera kawiri kukachigwira, ana anga n'kumandiseka.

Chaka chatha, imvi zitayamba kale, mnzanga wophunzitsa zilankhulo anandibwereka mtanthauziramawu wamtundu wina, wolemera ngati njerwa. Kabuku ka aphunzitsi kaja n'kothandiza kugulira tomato pamsika wa ku Mzimba, kamangokuuza zimene mawu akutanthauza lero. Buku ili limakuuza kumene mawuwo anachokera ndi mmene anasinthira m'njira. Ndinatsegula pa yewo mongoyesa. Panalembedwa kuti anachokera ku mawu a Chingoni akuti yebo, kutanthauza inde.

Ndinalira pampando pomwepo, mnzangayo osadziwa chandigwera.

Ku Engutwini khola lija kulibenso, pamalopo anadzalapo soya. Ana a kumeneko amati yewo polandira chinthu, yewo podutsana panjira, ndipo sindinamvepo wina akuti yebo. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuganiza kuti agogo anapita osandiyankha. Anandiyankha ndithu, m'chilankhulo chimene ankasungira ng'ombe zawo zokondedwa, koma ine sindinamve.