Timawotchi ta Alamu

Alamu anga, amuna a achemwali, ndi amene anandilowetsa ntchito pa Boma. Tinkakonza pulogalamu ya pafoni yomwe makalaliki a kopaletivi ankalembetsera alimi a mtedza. Mbali yotsegulira analemba iwo, yosunga maina ndinalemba ine.

Koma pulogalamuyo inkachedwa, abale inu! Kalaliki akadina, ankayamba wacheza ndi mlimi za mvula, za maliro, foni ikungozungulira. Akomiti anakwiya. Anati ngati vuto ndi mtsikana watsopanoyu, achoke. Ndinachita mantha, chifukwa kwathu kwa Mavwere chomwe chinkandidikira ndi khasu basi.

Alamu anati, "Usadandaule mlamu, tiikamo timawotchi." Timeneti ndi timizere tomwe umalemba mkati mwa pulogalamu, kena poyambira ntchito inayake, kena pothera, kuti uone nthawi yomwe yatenga. Suika paliponse, chifukwa tikachuluka timalemetsanso pulogalamuyo. Umasankha. Ndipo alamu anasankhadi bwino: tonse anatiika mbali yanga. Kwawo, olo kamodzi.

Zotsatira zitatuluka, mbali zanga zokha ndi zomwe zinkaoneka, ndiye wochedwetsa akanakhalanso ndani? Ndinapsa mtima, koma ndinangoti, "Zikomo alamu, mwagwira ntchito."

Atapita kukadya kanyenya masana, ndinakhala pampando wawo n'kuikamo tanga tingapo, kwawo kokha. Eee, zinaululika! Nthawi yonseyo inkathera pa kachithunzi ka alamu kamene kankaoneka potsegula, ali mu suti, akumwetulira makalaliki. Nditalondola komwe kankachokera, ndinapeza kuti pulogalamu inkakoka pa intaneti chithunzi chonse cha ukwati wawo, chachikulu ngati chitseko, kenako n'kudula achemwali anga kuti patsale alamu okha. Kuyambira pa Boma mpaka kwa Kapondo, kalaliki aliyense akangotsegula foni, achemwali ankadulidwa.

Alamu anabwera akutokosa m'mano. Ndinawatembenuzira kompyuta.

"Alamu, kodi achemwali akudziwa kuti mumawadula tsiku ndi tsiku?"

Anakhala pansi osaona n'komwe ngati pali mpando. "Aaa, iwe mlamu, ndimangofuna kuti zioneke zantchito."

"Basi ndikawaonetse madzulo ano, nawonso aone zantchito."

"Zithere pompano, chonde. Mkulu wakoyo umamudziwa."

Ndimawadziwadi. Chithunzicho tinachichotsa limodzi, pulogalamu n'kuyamba kutseguka munthu usanachotse chala.

M'mawa mwake alamu anaimirira pamaso pa komiti n'kunena kuti vuto latha, ndipo zinthu ngati zimenezi zimachitika pa makina. Anafuna kukhala pansi, koma a wapampando anawaimitsa.

"Sitikufunsa za makina. Vutolo linali la ndani? Mtsikanayu achoke kapena asachoke?"

Alamu anayang'ana kudenga, nakhosomola, nayamba kukamba za netiweki ya kumalire. Ine ndinangotulutsa foni yanga mwaulemu, n'kuwaonetsa alamuwo chala changa chili pa nambala ya achemwali.

"Linali langa, a wapampando," anatero msangamsanga. "Langa ndekha. Mwanayu musamukhudze."