Timakiyi Tiwiri ta a Geresomo

Mayi Otilia anabadwira ku Marka, koma uchikulire wawo wonse authera pa msika wa Bangula, pomwe amagulitsa mlamba wowamba. Anakwatiwa ndi a Geresomo, mlembi wa bungwe lina la alimi a thonje. Ngakhale bamboyo atatenga mkazi wachiwiri, Faness, udindo umodzi sunachoke m'manja mwa mkazi wamkulu: kusunga zinthu za mwamuna. Chiphaso cha unzika, kiyi wa njinga, suti ya ku tchalitchi, zonse zinkagona kwa iwo. Anthu ankawatama kuti alibe nsanje. Onena zimenezo sanawaonetsetse.

Chaka chatha mbava za pa intaneti zinaba pasiwedi ya bungwelo. Likulu linatumiza katswiri wa makompyuta, Mervis, atanyamula timakiyi tiwiri tooneka ngati fulashi. Iye anafotokoza kuti pasiwedi payokha sidzatsegulanso akaunti. Mwiniwake ayenera kulowetsa kakiyi m'laputopu, n'kukakhudza ndi chala kakayamba kuphethira. Analembetsa tonse tiwiri pa akaunti ya a Geresomo.

"Kamodzi muziyenda nako," anatero Mervis. "Kenako kazikhala nyumba ina, kosafika madzi. Mukataya tonse, akaunti yakutsekerani kunja."

Nyumba ya mayi Otilia ili kumunsi, komwe Shire amafika akasefukira. Ya Faness ili kumtunda. A Geresomo sanafunse munthu. Kakiyi kapadera anakasiya kumtunda.

Mayi Otilia anazimva kwa Faness yemwe, amene anabwera kudzagula nsomba atakamanga pamfundo ya chitenje.

"Mayi, nanenso andipatsako zosunga," anatero, akutembenuza mlamba pang'onopang'ono.

Tsiku lomwelo a Geresomo anaitanidwa.

"Bambo a Tithokoze, ndafa liti ine kuti zinthu zanu azisunga mwana?" anafunsa mayi Otilia, akuwatchula ndi dzina la mwana wawo.

"Ndi nkhani ya madzi chabe, mayi."

"Madzi ayamba chaka chino? Suti yanu inanyowapo?"

Mayi Otilia sanalamule kuti kakiyi ka Faness kabwezedwe, popeza anali ataganiza mozama. Kapaderako, m'kuona kwawo, kanali kodikira tsoka. Iwo anafuna ka tsiku ndi tsiku. Kakamagona kwa iwo, mwamuna adzayenera kudutsa m'mawa uliwonse, ngakhale m'sabata yogona kwa Faness.

Poyamba zinayendadi choncho. A Geresomo ankatsika ndi njinga mamawa, n'kumwa tiyi, n'kutenga kakiyi, masana n'kudzakabweza. Mayi Otilia ankaonetsetsa kuti anzawo a pa msika akudziwa. Kenaka inafika sabata ina ya Faness, bamboyo osaoneka. Kakiyi kanali pamsomali, koma alimi ochokera ku ofesi ankati mlembi alipo ndipo ntchito ikuyenda.

Mervis atabweranso, mayi Otilia anasiya nsomba kwa mnzawo, n'kupita ku ofesi. A Geresomo anali atapita kumidzi kukaona alimi.

"Mwana wanga, kakumtunda kaja sikayenera kudikira kuti aka katayike?"

"Ayi, mayi. Tonse timatsegula mofanana."

"Kulibe kakakulu ndi kakang'ono?"

"Kompyuta sisiyanitsa. Kalikonse kamene kalowa, imatsegula."

"Ndiye kachotseni kakumtundako."

"Ine sindingathe. Wochotsa ndi mwini akaunti."

Mayi Otilia anayang'ana laputopu ija ngati mboni yonama. Kenaka anatulutsa kakiyi kawo, n'kukaika patebulo bwinobwino.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena. "Muwapatse bambowo. Muwauze kuti kwathu kulibenso choti adzatenge. Akafuna kubwera, abwerere ine."

Sabata yotsatira inali ya mayi Otilia. A Geresomo anafika Lachitatu, kakiyi kali m'thumba la malaya, akudandaula za kutentha. Mayi Otilia anawapatsa madzi osamba. Za Lolemba ndi Lachiwiri sanafunse, ndipo mpaka lero sanakhululuke.