Chidede Changa pa Sikelo ya Thonje

Chaka chimene ndinabereka mwana wachiwiri, amuna anga anagona malungo mwezi wathunthu. Tinkakhala kwa Ndamera, m'mphepete mwa dambo, ndipo iwo anali msodzi. Malungo atachoka anawasiyira m'kamwa mowawa. Phala ankalavula, madzi enieniwa ankati akununkha matope. Munthu wopalasa bwato tsiku lonse anatsala mafupa okhaokha, ine mantha n'kundigwira kuti nditsala wamasiye ndi khanda kumsana.

Chokhacho chimene chinkatsika kukhosi kwawo chinali madzi a chidede. Mbewu yake ndinachokera nayo kwathu kwa Ngabu, n'kudzala mizere iwiri m'mbali mwa munda wa thonje. Anzanga ankangodya masamba ake ngati ndiwo. Ine ndinkathyola makoko ofiira a zipatso zake, kuchotsa njere, n'kuyanika pamphasa pamthunzi. Madzi akawira ndinkaphula mphika, kuponyamo makoko odzaza dzanja, n'kuvundikira mpaka madziwo afiire ngati magazi. Kenako ndinkasefa ndi kufinyiramo nzimbe. Kuwawasa kwake kunkatsuka m'kamwa, thupi n'kuzizirirako. Akamwa chikho chimodzi ankalolako phala pang'ono, ndipo moyo wawo unali utatsamira pa phala pang'onolo.

Masiku amenewo kunali lamulo loti tikatha kutola thonje tizule mitengo yake ndi kuitentha, kuti mbozi zisatsale m'munda. Woyendera minda anali kapitawo wa ogula thonje, munthu wa kumapiri, wovala chipewa chimene mzungu wake anatopa nacho. Atafika pamunda panga anaima pa chidede changa, n'kuchimenya ndi ndodo.

"Mayi, thonje ili mwalisiyiranji?"

"Bambo, chimenecho ndi chidede, mankhwala a amuna anga."

"Duwa ndi la thonje, mtengo ndi wa thonje. Mukufuna kundiphunzitsa ntchito? Mawa tikatha kugula ndikubwera ndi moto."

Kunena zoona, maluwawo amafananadi. Koma makoko ambiri anali asanakhwime, ndipo ouma m'nyumba anali atatsala a masiku atatu okha. Ndinapsa mtima kwambiri. Amuna anga nditawauza anangoti, "Asiye atenthe, usadziputire mlandu chifukwa cha ine." Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

M'mawa ndinathyola makoko okhwima okhaokha, kuwaika m'dengu, kubereka khanda, ulendo wa pamlambe pomwe ankagulira thonje. Anthu anali mbwee, aliyense ndi mtolo wake woyera. Mzungu anali pampando, kapitawo uja ali pasikelo. Nthawi yanga itakwana ndinatula dengulo pasikelo pomwepo, n'kuvundukula. Zonse zinali psuu.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa kapitawo.

"Thonje lanu, bambo. Dzulo munati ndi thonje. Ndabwera kuti muligule."

Anthu anayamba kuseka chapansipansi, kenako chiseko chinaphulika. Mayi wina kumbuyo anati, "Gulani bambo, nafenso lofiiralo tili nalo, tithamangire kukathyola." Mzungu anadzuka kudzasuzumira m'dengu, n'kuyang'ana kapitawo wake. Thukuta linatsika pansi pa chipewa chija.

"Chotsani apa, ili si thonje," anatero kapitawo.

"Bwerezani, bambo, makutu angawa analowa madzi a m'dambo."

"Ndati si thonje."

Ndinatembenukira khamu lija. "Mwamvatu nonse. Moto ndi wa thonje. Chimene si thonje, moto usachikhudze."

Ndinasenza dengu langa mtima uli myaa, ndipo njira yonse ndinkaseka ndekha ngati wopenga. Madzulo kapitawo anabweradi, anatentha mitengo ya thonje, koma mizere iwiri ija anaidutsa nkhope ili kumbali. Kuyambira pamenepo anthu ankanditcha mayi wa thonje lofiira, ndipo ambiri anabwera kudzapempha njere.

Chidede chinakhwima, ine n'kumawiritsa m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina, patapita masabata atatu, ndinachokera kumunda n'kupeza pamphasa palibe munthu. Mtima unadumpha. Ndinathamangira kudooko, n'kuwapeza atakhala m'bwato lawo akuluka mono, milomo itafiira ndi chidede. Anandiyang'ana nkhope itakwinyika.

"Make mwana, kodi m'nyumbamo simuphikidwanso? Munthu ndife ndi njala?"

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira. Ndakalamba tsopano, koma sindinamvepo dandaulo lokoma ngati limenelo.